Mtedza wa mumtengo umene unapatsa nsomba nzeru

Mayi amene ndimawagula mtedza wokazinga anandiimitsa Loweruka lapitali. Mwana wawo anatola botolo la Nutella lopanda kanthu, ndiye pachithunzi pake pali kamtedza kobulungira kachilendo. "Inu a nyuzi, mtedza uwu amakumba kuti?" Nditawauza kuti sakumba, umabereka m'mwamba ngati masuku, anaseka mpaka kugwetsa kambale koyezera.

Mtengo wake ndi hazel, abale anga. Kwawo ndi ku Ulaya ndi ku Turkey, kumene kumazizira zenizeni. Turkey yokha imakolola kuposa theka la mtedza umenewu padziko lonse, makamaka ku Ordu ndi Giresun, m'mbali mwa nyanja ya Black Sea.

Koma ine chandigwira mtima si malonda ake ayi. Mtengo uwu ukausiya osaukhudza, umafa pa zaka ngati 80. Anthu a ku England anatulukira kalekale kuti ukaudula cha pansi zaka 7 mpaka 10 zilizonse, chitsa chimaphukira nthyole zambirimbiri zowongoka, ndipo chimakhala zaka mazanamazana. Nthyolezo ankalukira makola a nkhosa, kumangira zipupa zomata dothi ngati zakwathu, zina n'kuotcha makala. Nkhwangwa imautalikitsa moyo, tamvani! Chinsinsi chake n'chakuti sadula nkhalango yonse kamodzi. Chaka chino mbali iyi, chaka chamawa mbali inayo, mpaka kuzungulira.

Podulidwapo pamalowa dzuwa, maluwa n'kumera, agulugufe n'kubwera. Pamene pakula, mbalame ndi agologolo amadya mtedza. Agologolo ndi mbalame zina amakwirira wina m'dothi n'kuiwala, basi wadzala mtengo wopanda ganyu. Palinso kambewa kotchedwa dormouse, kamene kamanenepa ndi mtedzawu kenako n'kugona nyengo yonse yozizira. Ku Britain kali pansi pa lamulo, kukagwira ndi mlandu. Kuno kakanagona pampani m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe, tisanamizane.

Inu ogulitsa nkhuni ndi makala, mukudziwa kuti mitengo yathu ya tsamba ndi mombo nayonso imaphukira pachitsa. Vuto lathu ndi loti tikadula timabweranso kudzazula chitsacho, kapena kuchisonkhera moto. Ndiye chaka ndi chaka njinga ikupita kutali, thumba likukwera mtengo, kasitomala akukalipira inu ngati ndinu munatha phiri.

Ku Ireland mtengowu amaupatsa ulemu wina. Nthano yawo imati panali chitsime chozunguliridwa ndi mitengo 9 ya hazel, ndipo nzeru zonse za padziko zinali mumtedza wake. Mtedza unagwera m'madzi, nsomba ya salmon n'kudya. Mkulu wina wandakatulo anaisaka zaka 7, ataigwira anapatsa mnyamata wake, Fionn mac Cumhaill, kuti aotche koma asalawe. Mafuta anamuwotcha mnyamatayo chala chachikulu, iye n'kuchiponya m'kamwa. Nzeru zonse zinapita kwa wotumidwa, bwana n'kutsala ndi njala. Kuyambira pamenepo Fionn akathedwa nzeru ankangoluma chalacho.

Nthanoyi ndinawasimbira mayi aja. Anangokhala chete akutembenuza mtedza pachiwaya, kenako anati: "Ndiye chifukwa chake ine nsomba ndimaotcha ndekha."