Tizombo Topacikidwa m'Chalichi

Ife a dziko lopanda nyanja ya mcere tikhoza kudabwa titalowa m'chalichi ca Notre-Dame de la Garde, pa phiri loyang'ana doko la Marseille ku France, doko limene gulu loyamba la ansembe a White Fathers linakwerera combo mu 1878 popita m'kati mwa Africa. Kudenga kwa chalichico kumalendewera tizombo tamatabwa tosemedwa ndi manja.

Nchito yake ndi ya cipiriro. Mmisiri ayamba ndi msana wa combo, nalumikiza nthiti zake, nakuta ndi timatabwa topyapyala, kenaka aimika milongoti ndi kumanga ulusi m'malo mwa zingwe. Amalinyero opulumuka ku namondwe ankapereka tizombo totere kwa Amai Maria pokwaniritsa lonjezo limene anacita imfa ili pafupi. Kacombo kalikonse ndi pemphero loyamika.

Koma alipo amisiri ena amene amasema zombo zomira, ndipo ogula amakopeka ndi mbiri ya cuma cake. Cimodzi cochuka ndi Nuestra Señora de Atocha, combo ca ku Spain cochedwa ndi dzina la Amai Maria. Cinanyamuka ku Havana citadzaza siliva, golide ndi miyala ya mtengo wapatali, ndipo pa 6 September 1622 mphepo ya mkuntho inacimiza kufupi ndi Florida. Mwa anthu 265 munapulumuka asanu okha, amalinyero atatu ndi akapolo awiri, amene anakangamira mlongoti wotsala pamwamba pa madzi. Siliva wambiri anacokera ku migodi ya Potosí, m'dziko limene lero ndi Bolivia, kumene eni dziko ankakumba mokakamizidwa. Mel Fisher anapeza mulu waukulu wa cumaco mu 1985, koma mwana wake, mpongozi wake ndi mnzao wina anali atamira kale mu 1975 pa nchito yofunafunayo. Lero dziko limawerenga siliva. Anthu 260 aja akuwakumbukira ndani?

Werengani Macitidwe a Atumwi mutu 27. Combo ca Paulo Woyera cinasweka pa cisumbu ca Malta. Tirigu anamutaya m'nyanja, combo cinaonongeka, koma anthu onse 276 anafika kumtunda amoyo. Mpaka lero Akatolika a ku Malta amacita cikondwerero ca tsikulo pa 10 February.

Banja nalonso limasweka ngati combo pamene bambo wamwalira. Kodi ife acibale timathamangira ciani? Kangati taona maliro asanathe, ena akuwerenga kale mipando, ng'ombe ndi makiyi a nyumba, mai wamasiye ndi ana ali okangamira mlongoti? Lamulo la dziko lathu la 1989 linapatsa amasiye gawo lao, koma lamulo silisema mtima.

M'mabanja ndi m'tumipingo tathu, tiyambe kuwerenga anthu tisanawerenge katundu. Amai Maria, Nyenyezi ya Panyanja, atipempherere.