Mtsinje wa Tinkanena

M'chaka cha 1921 katswiri wina wa ku America, Thomas Midgley, adapeza kuti kuthira mankhwala a mtovu mu petulo kumaletsa injini ya galimoto kugogoda. Pofika 1923 petuloyo adayamba kugulitsidwa, ndipo Midgley adalandira ulemu waukulu.

Koma chenjezo lidalipo. Mu 1924 antchito asanu a pa fakitale yopanga mankhwalawo ku New Jersey adazungulira mutu mpaka kumwalira. Dokotala Alice Hamilton ndi anzake adanena poyera kuti mtovu ndi poizoni. Eni malonda adatsutsa, ndipo Midgley mwiniwake adasamba m'manja ndi mankhwalawo pamaso pa atolankhani. Anthu adakhutira, pakuti magalimoto ankayenda bwino. Lero nchodziwika kuti mtovu umaononga ubongo wa ana, komabe dziko lomaliza, Algeria, lidaleka kugulitsa petulo wotere mu 2021, patapita zaka 98.

Nkosavuta kuwaseka anthu amenewo, koma sadali zitsiru ayi. Chidawanyenga nchakuti chinthucho chidali chothandiza, chotsika mtengo, ndipo aliyense ankachigwiritsa ntchito. Chinthu chikazolowereka chotero, wochikayikira ndiye amaoneka wamisala. Chakomakoma pusi adagwa chagada.

Nanga mbadwo uno ukukhulupirira chiyani mopanda kufunsa? Chitsanzo chili pafupi: jumbo ya pulasitiki. Nayonso njothandiza, njotsika mtengo, ndipo ili m'manja mwa aliyense wochokera kumsika. Boma la Malawi lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidavomereza lamulolo mu 2019, koma majumbo akadali mbwee m'ngalande ndi mumtsinje wa Mudi. Mu 2022 akatswiri a ku Netherlands adapeza tizidutswa ta pulasitiki m'magazi a anthu. Kodi limeneli si chenjezo longa la 1924 lija?

Zidzukulu zidzakhululukira makolo pa zimene sadazidziwe, pakuti palibe mbadwo umene udaona zonse. Mlandu udzakhala pa zimene adauzidwa koma nkutseka makutu chifukwa zinthu zinkakoma. Nchifukwa chake aphunzitsi, aphungu ndi eni malonda ayenera kumvetsera munthu wotsutsa zozolowereka, ayese umboni wake asanamunyoze. Akuluakulu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi, ndipo amene adzasambire kumathero kwake ndi ana amene sanabadwe.