TISAWOTCHE A PHIRI ONSE CHIFUKWA CHA PHIRI MMODZI

 Lero sindilemba za mvula kapena za mtengo wa soya. Pali nkhani yomwe yandikhala pakhosi, ndipo ena mukhumudwa nayo, makamaka inu a m'tauni a mafoni akuluakulu. Pepanitu, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Khalidwe lofufuza munthu pa intaneti ndi dzina lokha, kenako n'kumwaza zimene mwapezazo pa gulu la WhatsApp, lisiyeni. Mudzaphetsa munthu wosalakwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'dziko muno a Banda alipo angati? Nanga a Phiri, a Mwale, a Mbewe, a Tembo? Lowani m'kalasi ya pulayimale muitane kuti "Phiri!" muone mitu yomwe itembenuke. Mayina oyambanso timatola m'Baibulo limodzi lomwelo. Ndiye anthu a dzina limodzi ndi mfunda umodzi ali mbwee, ena mpaka ntchito imodzi: anamwino, aphunzitsi, maloya, apolisi.

Ngakhale pa mipando ya pamwamba zili choncho. Kamuzu Banda anali wa ku Kasungu. Mayi Joyce Banda, amene analamulira kuyambira 2012 mpaka 2014, dzinalo ndi la amuna awo. Ku Zambia kunali Rupiah Banda kuyambira 2008 mpaka 2011. Atsogoleri atatu, dzina limodzi, koma palibe wamisala amene angatenge mlandu wa mmodzi n'kuusenzetsa mnzake. Nanga bwanji namwino wa kumudzi timamusenzetsa?

Ndikunena zomwe zachitika kuno kwathu, ndipo sinditchula munthu kapena chipatala. Mwana wina wa m'mudzi muno amene ali m'tauni anatumiza pa gulu chithunzi cha nkhani yakuti wogwira ntchito ya chipatala wagwidwa ndi mankhwala a boma. Dzina linali lofanana ndendende ndi la adokotala a pa chipatala chathu chaching'ono. Pansi pake analemba kuti, "Si awa a kwathu awa?" Basi. Pofika madzulo funso lija linali litasanduka chigamulo. Pa mjigo, pa chigayo, pa bawo, aliyense akuti eya, n'chifukwa chake panado amasowa. Amayi ena anadumphitsa sikelo. Ana a bambowo kusukulu anzawo akuwaimba kuti ana a mbava. Chonsecho wogwidwayo anali wa boma lina kutali, munthu wachinyamata, pomwe athuwa ndi a imvi ndipo tsiku limenelo anali pompano akubaya ana katemera.

Zitadziwika, ndani anapepesa? Wotumiza uja anangoti, "Inetu ndinangofunsa." Nkhani yoipa inayenda pa njinga yamoto, yokonza ikubwera wapansi, mpaka lero ena sinawafike.

Musaiwale kuti ndife anthu omwe mu 2017 tinamva za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera chabe. Kumudzi mphekesera siithera pa foni, imakatola miyala. Inu mumatumiza muli pa sofa, ife ndi amene timaona gulu likuthamangira kunyumba ya munthu.

Mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse. Dzina lofala limapweteka wosalakwa, komanso limabisa wakuba. Tonse tawaonapo anthu a zikwama pa tsiku la msika, atavala chovala choyera, akugulitsa mapiritsi ndi kubaya jakisoni kuseri kwa golosale. Mukafunsa akuti, "Ndine Dokotala Uje Banda." Mwana wanu wa m'tauni akalemba dzinalo pa foni, lituluka ndithu, chifukwa dokotala weniweni wa dzina limenelo alipo kwinakwake. Ndiye amakuyankhani kuti, "Amalume musadandaule, ndawapeza, ndi enieni." Wapeza ndani? Wapeza dzina. Munthu amene wagwira jakisoniyo sanamupeze. Zili ngati mbewu ya chimanga yabodza ija: paketi ndi yokongola, dzina ndi lomwelo, m'kati muli chimanga cha m'nkhokwe chopaka utoto. Umadzazindikira mvula itapita.

Chimodzimodzi pa milandu ya malo. Munthu amabwera ndi jekete ndi fayilo, akuti ndine loya, ndipatseni ya mayendedwe ndikakuimireni ku khoti. Mbuzi ziwiri zimapita, munthu osaonekanso.

Chondipweteka n'chakuti ife alimi, amene mumati sitinapite patali ndi sukulu, nkhaniyi tinaithetsa kalekale. Belo la fodya likamapita ku okushoni ku Kanengo limayenda ndi nambala ya mlimi. Akanati azingolemba "Phiri" pa belo, bwenzi anthu akumenyana tsiku ndi tsiku. Pa chigayo thumba lililonse mwini wake amaika chizindikiro. Pa feteleza wotsika mtengo wa AIP, amene anayamba mu 2020, ankafuna chitupa cha unzika, chija tinajambulitsa mu 2017 ndi a NRB, chifukwa boma likudziwa kuti dzina lokha silikwanira. Ndiye thumba la feteleza tizilisamala ndi nambala, koma mbiri ya munthu amene amagwira miyoyo ya ana athu tiziiweruza ndi dzina? Mwati bwanji?

Njira yolondola ilipo. Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Anamwino ndi azamba ali ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Ogulitsa mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA. Maloya ali pansi pa Malawi Law Society, ndipo chiphaso chawo chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Munthu weniweni wa ntchitozi amakhala m'kaundula ndipo ali ndi pepala losonyeza. Kumufunsa pepalalo si chipongwe. Weniweni sakwiya, amatulutsa. Amene akuyamba ndi "kodi ukundidziwa ine?" ameneyo muthaweni.

Ndamva ena akunena kuti bola mbiri za anthu a ntchito zingobisidwa, kuti osalakwa asavutike. Ayi, pamenepo ndikukana. Kubisa ndi kumene kumanenepetsa akuba. Mphunzitsi amene anawononga mwana wa sukulu kwina, akangosamutsidwa mwakachetechete, akubwera kwa ana athu. Tili ndi ufulu wodziwa, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020. Chimene ndikukana ine ndi mbiri yodulidwa mutu. Kulengeza kuti "Uje Mwale wachotsedwa ntchito" osanena kuti ndi uti, kuli ngati kuponya mwala m'khola la nkhuku usiku. Imene ilire ndi imene yalira, kaya ndi yomwe inadya mazira kaya ayi.

Choncho pempho langa kwa mabungwe ndi atolankhani ndi ili. Mukamatchula munthu wa ntchito amene walakwa, tchulani mokwanira: nambala yake ya m'kaundula wa ntchitoyo, boma limene amagwirako, ndi tsiku la nkhaniyo. Akapezeka wosalakwa ku khoti, lengezaninso ndi mawu aakulu omwewo. Ndiponso tipatseni njira yofufuzira yomwe ingatheke pa kafoni ka mabatani, monga timachitira ndi Airtel Money kapena Mpamba. Potumiza ndalama foni imatha kukuuza dzina la mwini nambala usanatsimikize. Chingalephereke n'chiyani kuti ndilembe nambala ya dokotala, foni indiuze dzina lake ndi komwe amagwira? Ziphaso nazo zizipachikidwa pakhoma poonekera, chithunzi chili pomwepo, kuti ngakhale agogo osadziwa kuwerenga athe kuyerekeza nkhope.

Koma chenjezo: sindikunena kuti muzijambula chitupa cha unzika cha munthu n'kuchiika pa Facebook. Chimenecho akuba amachigwiritsa ntchito. Nambala ya ntchito ndi ya poyera, chitupa cha unzika ndi cha mwini wake.

Tsopano kwa inu ana athu a m'tauni. Timakunyadirani, ndipo mukalankhula kuno anthu amati wanena ndi wophunzira. N'chifukwa chake chala chanu chili ndi mphamvu kuposa ng'oma ya amfumu. Musanatumize nkhani ya munthu, dzifunseni: kodi nkhope ndaiona? Boma lake ndi lomweli? Nkhaniyi ndi ya chaka chiti, poti zina ndi zakale zimangobwerera ngati chimfine? Ndawaimbira a kumudzi kufunsa ngati munthuyo alipo? Chimodzi chikasowa, foni ibwerere m'thumba. Mawu akuti "ndangotumiza momwe ndalandirira" sachotsa mlandu. Wonyamula nkhuku yakuba naye amagwidwa, ngakhale sanalowe m'khola. Dziwaninso kuti kuipitsa mbiri ya munthu kumafikitsa ku khoti.

Inu a komiti ya chipatala, a komiti ya sukulu ndi mafumu athu, wantchito watsopano akabwera, muonereni mapepala ake pa tsiku loyamba, mwaulemu, anthu adziwe. Mphekesera ikadzabwera mudzakhala ndi poyankhira. Safunsa anadya phula.

Ambiri amene mukuwerenga pano ndinu a Banda, a Phiri kapena a Mwale. Penapake m'dziko muno pali munthu wa dzina lanu lenileni amene simunamuonepo, ndipo simukudziwa chomwe achite mawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limenelo mudzafuna kuti wina afunse kaye kuti, "Phiri wake uti?"

Amene muli ndi mayunitsi, awerengereni ena amene alibe foni. Wotsutsa alembe pansipa, tikambirane ngati anthu. Ine ndapita kudimba.