Galu wanu sanalodzedwe

Mphekesera ina yabuka m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, ndipo ikumveka mpaka ku Ntaja ndi ku Balaka. Akuti galu wamphongo akakwera mphongo inzake, amenewo ndi malodza, wina walodza pakhomopo, ndiye galuyo aphedwe kapena akatayidwe kutali. Zatikwiyitsa, ndipo chotidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti anthu akuluakulu, oweta ziweto kuyambira ubwana wawo, akuzikhulupirira.

Ndani sanaonepo ng'ombe zazikazi zikukwerana zokhazokha ina ikafuna nkhunzi? Alangizi a ziweto amatiuza kuti tizidziwira pomwepo kuti nthawi yakwana. Timbuzi tatimuna timakwerana m'khola nyanga zisanatalike n'komwe. Palibe amene amathamangira kwa sing'anga chifukwa cha zimenezi. Nanga galu walakwanji? Tiagalu timachita zimenezi posewera. Agalu akuluakulu amatero magazi akathamanga, mwina kwabwera mlendo, mwina fungo la galu wamkazi amene ali pa nyengo lafika kuchokera khomo lina. Nthawi zina amakhala akulimbirana ukulu: adye choyamba ndani, agone pakhonde ndani.

Koma taganizani za galu amene mwamuthamangitsayo. Apita kuti? Apita kudoko ndi kumsika, kumene kuli matumbo a nsomba, akakumane ndi agalu ena opanda mwini, azikalumana usiku. Tsiku la katemera likafika palibe womugwira chingwe n'kupita naye kwa a vetenale. Nyanja ya Chiuta ili m'malire ndi Mozambique, ndipo galu woyendayenda sadziwa malire. Umu ndi mmene chiwewe chimayendera. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, pafupifupi onsewo chifukwa cholumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse amakhala ana osakwana zaka 15. Pamene bungwe la Mission Rabies linkayamba kubaya agalu mu Blantyre m'chaka cha 2015, cholinga chinali kufikira agalu 70 mwa 100 aliwonse, chifukwa pansi pa chiwerengero chimenecho matenda samaduka. Galu aliyense wotayidwa amatichotsera pa chiwerengerocho. Mwaopa malodza amene kulibe, mwatumiza chiwewe panjira imene mwana wanu amadutsa popita kusukulu.

Za kuloza chala gogo wa khomo loyandikana sitinena zambiri: lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunenera munthu ufiti ndi mlandu.

Kodi mphongo ziwiri pakhomo limodzi muzitani nazo? Aliyense akhale ndi mbale yake, mkute wa nsima muuike motalikirana, musaponye fupa limodzi pakati pawo. Wina akayamba kukwera mnzake, muitaneni ndi dzina, achoke, mum'patse kanthu akabwera. Chikoti chisiyeni; galu womenyedwa amangowonjezera mantha ndi ukali, ndipo mawa adzaluma dzanja la mwana. Mukaona wokweredwayo waumitsa thupi, ubweya wa pamsana waima, mano ali pamtunda, alekanitseni nkhondo isanayambe. Ikayamba, athireni ndowa ya madzi. Dzanja lanu lisalowe pakati. Pakakhala galu wamkazi wa pa nyengo m'mudzi, amangeni kosiyana masiku amenewo, pamthunzi, ndi madzi akumwa pafupi. Kufula kumachepetsa khalidwe lokweranali mwa agalu ambiri, ngakhale sikulithetseratu, ndipo galu wofulidwa amalonderabe mbuzi zanu. Ntchitoyo aigwire a vetenale, osati lezala la pakhomo.

Munthu akalumidwa, kaya ndi galu wanu yemwe, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone kaye mmene zikhalire, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikangoyamba, mankhwala ake kulibe.