Mapulogalamu a Ufulu: Kodi Boma la Rumphi Lipindulanji?

Mwezi ndi mwezi zipatala za m'boma la Rumphi, monga cha Bolero ndi cha Mhuju, zimatumiza ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma chiwerengero cha odwala malungo, cha ana obadwa ndi cha olandira katemera. Ziwerengerozo zimalowa mu pulogalamu ya kompyuta yotchedwa DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo unaikhazikitsa m'dziko lonse m'chaka cha 2012. Ambiri oigwiritsa ntchito sadziwa kuti Boma silinagule chilolezo chake kwa kampani iliyonse. Inachokera ku University of Oslo m'dziko la Norway, ndipo ili m'gulu la mapulogalamu a ufulu.

Tisasokoneze mawu awiri awa, ulere ndi ufulu. Chinthu chaulere ndi chimene munthu salipira. Koma pulogalamu ya ufulu ndi imene munthu aloledwa kuchita nayo zinthu zinayi: kuigwiritsa ntchito monga afunira, kuona malangizo olembedwa amene aiyendetsa ndi kuwasintha, kugawira anzake, ndiponso kugawa zimene iye wakonza. Mlimi wa m'chigwa cha Henga amvetsa msanga nkhaniyi, pakuti adziwa kusiyana kwa mbewu yamakolo, imene asunga yekha m'nkhokwe, ndi mbewu yogula kusitolo chaka ndi chaka.

Maganizo amenewa anafalitsidwa ndi Richard Stallman wa ku America, amene anayamba ntchito yotchedwa GNU m'chaka cha 1983, nakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation mu 1985. Mu 1989 anatulutsa chilolezo chotchedwa GPL. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland, analemba Linux, ndipo chaka chotsatira anaiika pansi pa chilolezo chomwecho. Lero mafoni a Android amene ali m'matumba a aphunzitsi athu amayenda pa maziko a Linux.

Nzeru ya GPL, imene eni ake amaitcha copyleft, ndi iyi: aliyense angathe kutenga pulogalamuyo ndi kuisintha, koma akafuna kuigawira ena ayenera kuwapatsa pamodzi ndi malangizo ake ndi ufulu womwewo umene iye analandira. Zifanana ndi ndondomeko yopatsirana mbuzi m'midzi, kumene wolandira mbuzi amapereka mwana wake kwa banja lina. Makolo anati kupatsa n'kuika. Tsono chilolezochi sichitsutsana ndi lamulo loteteza eni luso, monga lathu la chaka cha 2016. Chimaimira pa lamulo lotero, pakuti mwini yekha ndiye angaike pangano pa chinthu chake.

Si mapulogalamu onse a ufulu amene ali ndi pangano limeneli. DHIS2 ili ndi chilolezo cha BSD, chimene sichikakamiza wosintha kugawa zimene wasintha. Koma OpenLMIS, imene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2017 polondoloza mankhwala m'zipatala, ili ndi chilolezo cha AGPL, cha banja la GPL. Amalawi nawonso athirapo dzanja pa ntchito yotere: bungwe la Baobab Health, limene linayambira pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, linalemba mapulogalamu osungira mbiri ya odwala ndi kuwasiya poyera.

Nanga nkhaniyi ikhudza bwanji wogwira ntchito m'Boma? M'chaka cha 2025 dziko la America linaimitsa thandizo lake lambiri ndi kutseka bungwe la USAID, ndipo ntchito zambiri za umoyo mu Africa zinagwedezeka. Wothandiza akachoka, pulogalamu yogula imafuna ndalama za chilolezo, ndipo kaŵirikaŵiri ndalamazo n'zakunja, zimene dziko lathu lizipeza movutikira. Pulogalamu ya ufulu imatsala m'manja mwa mwini dziko, ndipo palibe angailande.

Komabe ufulu umenewu uli ndi mtengo wake. Makina osungira ziwerengero amafuna magetsi, intaneti ndi malipiro a akatswiri owasamala. Malangizo a pulogalamu angakhale poyera, koma ngati palibe Mmalawi wodziwa kuwaŵerenga, tikhala tikuitanabe mlendo kuti atikonzere, ndipo ufuluwo ukhala wa pa pepala chabe. Pamenepa ndi pamene otsutsa anena zoona, ndipo tiyenera kuwamvera.

Yankho lake Rumphi alidziŵa kale. Dr Robert Laws atasamukira ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun inaphunzitsa anyamata ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu, ndipo ophunzira ake anakagwira ntchito mpaka ku Rhodesia ndi ku Johannesburg. Pamalo pomwepo pali University of Livingstonia, imene inatsegulidwa mu 2003. Pulogalamu ya ufulu ndiyo yoyenera wophunzira, pakuti angaiphwasule ndi kuona m'kati mwake monga makaniko aphunzirira pa injini.

Chotero inu aphunzitsi, musaphunzitse ana kudinda mabatani kokha. Aonetseni kuti pulogalamu imalembedwa ndi anthu, ndipo iwonso angailembe. Inunso akuluakulu ogula zipangizo za m'maofesi, musanasaine pangano funsani mafunso atatu: chilolezo chake n'chotani, malangizo ake adzakhala m'manja mwa yani, ndipo ndi Amalawi angati amene adzaphunzitsidwa kuikonza wogulitsa akapita kwawo.