Chindoko cha kumadoko chimathera pamtima

Madandaulo a zaumoyo m'madoko a asodzi ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka m'boma la Salima amakhudza kwambiri kolera, likodzo ndi Edzi. Chindoko sichitchulidwa kawirikawiri, chonsecho bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2022 chokha anthu 8 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 adatenga matendawa.

Kuopsa kwa chindoko kwagona pa kudekha kwake. Chimayamba ndi kachilonda kosapweteka kumaliseche, kamene kamapola kokha pakapita masabata ochepa, ndipo mwiniwake amangoti wachira. Koma tizilombo timatsala m'thupi. Mwa ena amene sadalandire mankhwala, pakatha zaka 10 mpaka 30 timakhala titawononga mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima, umene madokotala amautcha aota. Khoma lake limatupa n'kufooka, mtsemphawo n'kufufuma ngati chubu cha njinga chokalamba, ndipo kachitseko koletsa magazi kubwerera mumtima kamayamba kudontha. Munthu amabanika, amamva kuwawa pachifuwa, mwinanso kufa mwadzidzidzi mtsemphawo ukaphulika. Pamaliro otere anthu amangoti ndi BP, ena n'kumaloza mfiti.

Chindoko si gwero lokhalo la vutoli. TB ndi HIV nazonso zimatha kuwononga mtsemphawu. Koma pa zitatuzi, chindoko ndicho chosavuta kuchiza chikapezeka msanga: jakisoni mmodzi wa penisilini amakwanira. Chikakhalitsa pamafunika atatu, mmodzi pa sabata, ndipo ngakhale apo mankhwala amangopha tizilombo, sakonza mtsempha umene wafufuma kale. Zikatero chotsala ndi opaleshoni yaikulu, ya mtundu umene boma limatumizira odwala ku India akadikira nthawi yaitali. Kwa msodzi wa usipa, ngakhale ulendo wa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi wodula.

Apa m'pamene ndondomeko yathu ikutsimphina. Amene amayezedwa chindoko mwachizolowezi ndi amayi oyembekezera kusikelo, ndipo n'koyenera, chifukwa zimateteza mwana. Nanga abambo? Msodzi amagwira ntchito usiku, masana n'kugona, ndipo amasamuka doko potsata nsomba. Kakalata komuitana kuchipatala kamene mkazi wake wapatsidwa kamamupeza ali ku Nkhotakota.

Chipangizo choyezera HIV ndi chindoko pakamodzi, ndi kadontho ka magazi a pachala, chilipo kale. Azaumoyo opita kumadoko kukayeza HIV ayenera kuchinyamula, pamodzi ndi penisilini, kuti wopezeka ndi chindoko abayidwe tsiku lomwelo bwato lisanabwerere panyanja.