Galimoto ya malemu bambo yadyeka ndi dzimbiri

Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mnzathu wina yemwe malemu bambo ake adamusiyira Peugeot 404. Yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambirimbiri, ndipo dzimbiri layidya kwabasi. Abale akuti igulitsidwe kwa ogula zitsulo, koma iye mtima ukukana. Mwinatu nanunso muli nayo yotere kuseri kwa nyumba.

Langizo langa ndi ili: musathamangire injini. Injini ya 404 njosavuta kukonza. Galimotozi zinkapangidwa ku France kuyambira 1960 mpaka 1975, ndipo ku Kenya adapitiriza mpaka 1991, choncho masipeya mukawafunafuna amapezeka.

Nkhani yagona kunsi. Kupatula ya pikapu, 404 ilibe chasesi chapadera, bodi ndiyo imanyamula zonse. Itanani makaniko aikweze, kenaka abaye ndi sikuludiraiva m'munsi mwa zitseko, popondera mapazi ndi pomwe pamangidwa mashoko akutsogolo. Payendenso maginito: pomwe sakugwira, dziwani kuti wina adamatapo phala n'kupaka penti. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati dzimbiri lili pamwamba pokha, kapena mabowo ndi ochepa, owotcherera aikapo chitsulo chatsopano. Ikonzeni pang'onopang'ono, osakhudza fizi ya ana ayi. Koma ngati sikuludiraiva ikungolowa paliponse, ilekeni ipite. Mudzanyamulamo ana anu, ndipo pangozi bodi yowola imangophwasuka. Chotsani chiwongolero ndi kachizindikiro ka mkango kaja, musunge m'nyumba. Bambo sangakudandauleni.